Duwa la nkhope ya pusi: lilipodi kapena atinamiza?

Tiyamike: Odi pagulu pano. Chithunzi ichi ndachiona pa Facebook m'mawa uno ndipo chandisowetsa mtendere. Akuti ndi duwa, dzina lake Dracula simia. Koma taonani nokha: maso awiri, kamphuno, kukamwa, ndi ubweya womwe. Ine ndikuona pusi ndithu. Akuluakulu odziwa zomera, tandiuzeni, chinthu chotere chilipodi?

Kondwani: Za pakompyuta izo achemwali. Masiku ano munthu amangolemba mawu awiri, makina n'kumujambulira nkhuku ya mano.

Fatsani: Kkkkk pusi wake ngati wangouzidwa kuti malipiro achedwa.

Mayi Chirwa: Mwadzuka bwanji nonse. A Kondwani, ulendo uno mwaphonya. Maluwa otere alipo, ndipo analipo makina mukunenawo asanaganiziridwe n'komwe. Ndi maluwa a m'banja la ma orchid, a m'gulu la Dracula, omwe ambiri mwa iwo amamera m'nkhalango za m'mapiri a Andes ku South America, kumene nkhungu sichoka. Simia weniweni kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Ecuador, pamalo okwera mamita pakati pa 1,000 ndi 2,000. Sadalira dothi ayi. Amakhala pa nthambi ndi pa makungwa a mitengo, mizu yake itabisala mu ndere zonyowa. Mtengowo sauyamwa, amangobwerekapo pokhala.

Koma iwe Tiyamike mwana wanga, funso lako lili pawiri. Kuti duwa la nkhope ya pusi lilipo, eya lilipo. Kuti la pachithunzi chakochi ndi simia, pamenepo ndiye ndikukayika.

Tiyamike: Iii amayi, chonsecho alemba dzina pansi pake?

Mayi Chirwa: Wolemba dzinayo anakopera kwa mnzake, mnzakeyo anakoperanso kwa wina. Gulu la Dracula lili ndi mitundu yoposa 100, kuyambira kum'mwera kwa Mexico mpaka ku Peru, yochuluka kwambiri ili ku Colombia ndi ku Ecuador. Ndiye si mtundu umodzi wokha umene uli ndi kankhope. Anthu pa intaneti akangoona maso awiri pa duwa, basi dzina ndi simia. Simia amakhala wofiira moderako ngati magazi ouma, pakati pokha ndi poyererako. Lakoli ndi loyera mbee, ubweya wake wautali, pakati pofiirira. Likundikumbutsa Dracula saulii wa ku Peru. Koma sindingalumbire ndi chithunzi chimodzi chojambulidwa chakumaso chokha.

Dalitso: Aphunzitsi, mundilole ndiphwanye nkhopeyi kuti anzathu aone chimene akuyang'ana, chifukwa munthu ukadziwa zigawo zake pusiyo amasowa.

Zitatu zikuluzikulu zotambasukazo, zimene aliyense angaganize kuti ndiwo ma petal, timasamba tokongola ta duwa, ndi ma sepal. Pa maluwa ambiri ma sepal ndi timasamba tobiriwira tophimba duwa lisanamasule, koma pa Dracula ndiwo akula n'kutenga ulemerero wonse. Alumikizana kutsinde kwake ngati kambale, ndipo lililonse limathera ndi mchira wautali wowonda. Ma petal enieni ndi tiwiri tating'onoting'ono, tokhuthala kunsonga, ndipo ndi timeneto mukuti maso. Chimene mukuti mphuno ndi column, pamene chachimuna ndi chachikazi cha duwa zinaphatikizana kukhala chinthu chimodzi. Ma orchid onse ali nacho chimenechi. Mungu wake si waufa ngati wa maluwa ena, ndi timibulu tiwiri tobisika kunsonga kwa column. Kukamwa kuja ndi petal yachitatu imene inasintha maonekedwe, akatswiri amaitcha labellum, ife tingoti mlomo.

Kondwani: Chabwino, ndavomera kuti lilipo. Nanga duwa likutsanziriranji pusi? Kuopseza mbalame?

Mayi Chirwa: Silikutsanzira pusi n'komwe, a Kondwani. Pusiyo ali m'mutu mwathu. Ife anthu tikaona madontho awiri ndi kamzere pansi pake timaona nkhope, ngakhale pa soketi ya magetsi. Duwali lilibe nafe ntchito. Chimene likutsanzira ndi bowa.

Tatambasulani chithunzicho ndi zala muyang'ane mlomowo. Muona kuti ndi wotuwa, wokumbika ngati kasupuni, ndipo mkati mwake muli timizere tochokera pakati kupita m'mbali. Tsono tembenuzani bowa muone kunsi kwake. N'chimodzimodzi. Si maonekedwe okha, mitundu ingapo ya Dracula imatulutsanso mankhwala omwewo amene amachititsa bowa kununkhira bowa, odziwika kwambiri ndi 1-octen-3-ol. Tintchentche tating'ono ta m'gulu la Zygothrica, timene moyo wake wonse umazungulira pa bowa, timabwera n'kutera pa mlomowo. Timanyambita, timafunsirana, tina timakwerana pomwepo. Kamodzi kakalowa mkati kwambiri kamapanikizika pakati pa mlomo ndi column, ndipo potuluka timibulu ta mungu tija timakhala titamatirira kumsana kwake. Kakapusitsidwanso pa duwa lina, ntchito yatheka.

Fatsani: Ndiye kuti duwali ndi tsotsi. Kwa ntchentche likuti ndine bowa, kwa Tiyamike likuti ndine pusi.

Tiyamike: Achimwene inu kkkk. Koma amayi, anadziwa bwanji kuti ntchentchezo zimakopeka ndi fungo, osati mtundu?

Mayi Chirwa: Funso labwino limenelo, ndipo ndi limene linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Maganizo oti mlomowu ukutsanzira bowa anawalemba Stefan Vogel mu 1978, koma kuganiza ndi kwina, kuona ndi maso ndi kwinanso. Maluwawa ali m'nkhalango zovuta kufikako, ndipo ntchentche zake n'zazing'ono kwabasi. Mu 2010 Lorena Endara, David Grimaldi ndi Bitty Roy anasindikiza zimene anaona m'nkhalango ya Los Cedros ku Ecuador, atakhalira kuonerera Dracula lafleurii ndi Dracula felix. Kenako mu 2016 gulu la Tobias Policha linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ine amandisangalatsa kwambiri. Anaumba maluwa abodza a silicone, chinthu chofewa ngati labala, ofanana ndendende ndi lafleurii, pogwiritsa ntchito makina osindikiza zinthu a 3D. Duwa la silicone lilibe fungo. Ndiye amatha kutenga mlomo weniweni n'kuulumikiza ku ma sepal abodza, kapena mlomo wabodza ku ma sepal enieni, kapena kuthira fungo pa duwa labodza, n'kukaziika m'nkhalango pafupi ndi maluwa enieni, kenako n'kumawerenga ntchentche zimene zikutera. Anapeza kuti zonse ziwiri zimagwira ntchito: mlomo wonunkhira bowa uja, komanso ma sepal a mawangamawanga aja.

Kondwani: Ndiye maluwa abodza alipodi, kungoti opanga ake ndi madokotala a zomera. Ndinalasa pang'ono.

Fatsani: Musadzipepese akulu, munagwa basi.

Nachisale: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndili ndi china chimene ndinasunga pa foni chaka chatha, nachonso analemba kuti monkey orchid. Koma ichi si nkhope, ndi kapusi kathunthu, manja, miyendo ndi kamchira, tambirimbiri pa phesi limodzi, tofiirira. N'chimodzi ndi cha Tiyamike?

Dalitso: Ayi mayi, chimenecho ndi Orchis simia. Dzina analipereka ndi Lamarck mu 1779. Chimamera ku Europe mpaka cha ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, pansi m'dothi la laimu, m'malo a udzu, ndipo chili ndi timibulu pansi pa nthaka tosungira chakudya. Pamenepo kapusiko ndi mlomo wokha umene unagawikana ngati ziwalo. Mawu oti simia ndi Chilatini cha pusi kapena nyani, basi. Dzina lachiwiri kufanana sizitanthauza chibale. Chibale chili pa dzina loyambalo.

Fatsani: Dzina loyambalo ndi limene likundiopsa ine. Dracula si namapopa wa m'mafilimu uja?

Dalitso: M'Chilatini dracula ndi kachinjoka. Anapereka dzinali ndi Carlyle Luer wa ku America mu 1978. Bamboyu anali dokotala wa maopaleshoni, atapuma pa ntchito n'kudzipereka ku ma orchid a m'nthambi ya Pleurothallidinae, ndipo pofika pomwe amamwalira mu 2019 anali atatcha mayina mitundu masauzande. Kale maluwawa ankawerengedwa ngati Masdevallia, gulu lina la ma orchid. Woyamba kutchuka ndi Masdevallia chimaera amene Reichenbach, katswiri wa ku Germany, anamufotokoza mu 1872. Ngakhale simia yemweyu Luer anayamba wamutcha Masdevallia simia, kenako n'kumusamutsira ku gulu latsopanolo.

Mayi Chirwa: Koma a Fatsani sanaphonye kwenikweni. Luer yemweyo ndi amene anatcha mtundu wina kuti vampira, ndiye nthabwalayo ankaidziwa bwino. Dracula vampira ndi wa m'mapiri a Pichincha ku Ecuador, ma sepal ake ali ndi mizere yakuda yothithikana moti ukaonera patali duwa lonse limaoneka lakuda bii. Ameneyo sungamusokoneze ndi simia ngakhale uli ndi tulo.

Dalitso: Za Reichenbach zija, munthu ameneyo anali wovuta mtima. Atamwalira mu 1889 zinapezeka kuti analemba mu wilo yake kuti ma orchid ake onse ouma apite ku Vienna, ndipo akatsekeredwe zaka 25 osatsegulidwa. Akatswiri anzake anakhala zaka zonsezo osatha kuona zitsanzo zimene iye anagwiritsa ntchito potcha mayina, ndiye mayina ena anasokonekera pamenepo. Chitsanzo choyambacho ndiye mboni ya dzina. Ukafuna kutsimikiza kuti ichi ndi simia, pomalizira pake umabwerera ku chimene Luer anafotokoza ndi kujambula.

Admin: A Dalitso, tisalowe ku Vienna, Tiyamike sanayankhidwe mokwanira.

Tiyamike: Zoona, ine ndikufuna ndidziwe choyang'ana. Chifukwa ngati nkhope si umboni, umboni ndi chiyani?

Mayi Chirwa: Yamba ndi chomera chonse, usathamangire duwa. Ma orchid ambiri a pamitengo ali ndi tsinde lotupa ngati botolo losungiramo madzi. Dracula alibe. Ali ndi timatsinde tifupitifupi tothithikana, kalikonse kanyamula tsamba limodzi lokha. Tsambalo ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kuli msana wakuthwa woyenda pakati kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, ukhoza kuumva ndi chala. Apa ndi pamene amasiyanirana ndi Masdevallia, amene masamba ake ndi okhuthala ngati chikopa. Kusiyana kwina ndi mlomo: wa Masdevallia ndi kakang'ono kobisika mkati, wa Dracula uli poyera ndipo uli pawiri, chigawo chakutsinde chopapatiza ndi chakunsonga chotambasuka chokhala ndi timizere tija.

Ukatsimikiza kuti ndi Dracula, ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Akatswiri amayang'ana kukula kwa chigawo chakunsongacho, kuzama kwake, kuchuluka kwa timizere ndi mmene tagawikirana, ngati m'mphepete mwake mwapindikira mkati kapena ayi. Amayeza michira. Amaona ubweya wa mkati mwa ma sepal, wautali kapena waufupi. Amaona phesi la duwa ngati laima, lagona kapena lalendewera pansi. Mtundu wa duwa umathandiza koma umanamiza, chifukwa kuwala kwa kamera kumasintha zinthu ndipo ena amakometsera zithunzi. Ndipo funso limene anthu amaiwala ndi loti chinamera kuti. Mitundu yambiri ya Dracula imapezeka m'dera laling'ono zedi, ina m'zigwa zochepa chabe. Simia ndi wa mbali ya kum'mawa kwa Andes. Wina akakuuza kuti wamujambula m'nkhalango za kumadzulo, ku Los Cedros mwachitsanzo, uyambe wakayika.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Dracula wamoyo ndinamuona kamodzi kokha, pa chionetsero cha maluwa, m'kachipinda kozizira kamene munali makina opopera nkhungu. Sanali simia, unali mtundu wina. Anamudzala m'kadengu ka timatabwa kolendewera, chifukwa phesi lake limaboola pansi n'kutulukira kunsi, mumphika wamba likanangofera m'kati. Ndinafika n'kuona masamba okha, ndinati duwa lili kuti? Mwini wake anandilozera pansi. Ndinachita kugwada, nkhalamba ine, n'kupotoza khosi, chifukwa duwalo limayang'ana pansi ngati bowa womera pa chipika. Nkhope imene mumaiona pa zithunzi ija, wojambula amachita kulitukula kapena kugona chagada. Mwiniyo anati tauzirani mpweya pang'ono. Nditauzira, mlomo uja unagwedera, kunjenjemera ngati uli pa kahinjesi, kenako n'kukhazikika. Fungo lake linali la chinyontho, ngati thumba limene munali bowa dzulo.

Nachisale: Ine ndinawerenga kuti limanunkhira ngati lalanje lakupsa.

Mayi Chirwa: Zimenezo amanenera simia, ndipo zalembedwa malo ambiri. Limene ndinanunkhiza ine linali la bowa basi.

Bambo Mbewe: Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa cha manyazi, koma ndilankhule kuti ena apulumuke. Ine njere za duwa limeneli ndinagula pa intaneti. Chithunzi chake chinali ngati cha Tiyamikechi. Zinabwera m'kapepala ka pulasitiki, njere 20, zakuda, kukula kwake ngati mitu ya machesi. Ndinasefa dothi, ndinaika mumphika pawindo, m'mawa uliwonse kuthirira ndi kabotolo kopopera. Tsiku la 9 zinamera, ine chimwemwe, kuitana mayi a kunyumba kuti adzaone apusi anga. Patatha miyezi itatu chinali chiudzu chofika m'bondo, chinachita kutulutsa ngayaye. Mpaka lero mayi akaona udzu pena paliponse amati bambo, apusi anu aja afika kuno.

Fatsani: Kkkkkkk ndafa ine. Pepani bambo koma ndafa.

Kondwani: Munawalembera ogulitsawo?

Bambo Mbewe: Tsamba lawo linali litatsekedwa kale.

Mayi Chirwa: Pepani a Mbewe, simuli nokha, ambiri anagwa m'mbuna yomweyo. Chizindikiro chinali pa njere zomwezo. Njere ya orchid sungaiwerenge ndi zala. Ndi fumbi. Chibalobalo chimodzi chikaphulika mumatuluka masauzande, zimauluka ndi mphepo. Ndipo n'zopepuka choncho chifukwa zilibe kamba. Njere ya mbewu zina imanyamula chakudya choyambira moyo, ya orchid ilibe. Kuti imere imayenera kugwera pamene pali fangasi woyenera, kachamoyo ka m'gulu la bowa, fangasiyo alowe m'kati mwake n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. Anazindikira zimenezi ndi Noël Bernard wa ku France mu 1899. Mu 1922 Lewis Knudson wa ku yunivesite ya Cornell ku America anaonetsa kuti ukhoza kumeretsa njerezi popanda fangasi, ukaziika m'botolo lophedwa tizilombo, pa phala logwirana lotchedwa agar lokhala ndi shuga ndi michere. Mpaka lero alimi a ma orchid amachita zomwezo, ndipo kuchokera m'botolo kufika pa duwa loyamba zimatenga zaka. Ndiye njere yakuda yomera pa tsiku la 9 m'dothi la pawindo, imeneyo si orchid ya mtundu uliwonse.

Tiyamike: Nanga kugula chomera chomera kale?

Dalitso: N'zotheka kwa alimi ovomerezeka amene amachulukitsa m'mabotolo, koma pali malamulo. Ma orchid onse ali pansi pa pangano la CITES la mu 1973, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire pakati pa mayiko. Dracula ali pa mndandanda wachiwiri, kutanthauza kuti kudutsa naye malire a dziko pamafunika chilolezo. Chifukwa chake n'choti anthu amakazula m'nkhalango. Mtundu umene umapezeka m'chigwa chimodzi, munthu mmodzi wa thumba akhoza kuuthetsa pa sabata.

Mayi Chirwa: Ndipo ngakhale utapeza mapepala onse, kumusunga ndi nkhani ina. Paja ndati alibe mosungira madzi. Mizu ikauma tsiku limodzi lotentha, wapita. Amafuna chinyontho chambiri mumpweya nthawi zonse, mthunzi, kamphepo koyenda, masana kusapitirire madigiri 25, usiku kuzizire ndithu. Kukatentha masana duwa limafota n'kulendewera ngati kansalu konyowa. Kwawo zonsezi nkhungu imamupatsa ulere. N'chifukwa chake kudula mitengo kumamupha ngakhale mtengo wake weniweniwo utasiyidwa: denga la nkhalango likang'ambika, dzuwa ndi mphepo youma zimalowa, ndere zimauma, bowa amasowa, ntchentche zija nazo zimasowa.

Kondwani: Nkhalango ya Los Cedros ija ikadalipo?

Dalitso: Ilipo, koma inatsala pang'ono. Boma linali litapereka zilolezo zofufuza miyala ya mtengo wapatali m'menemo. Nkhani inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko la Ecuador, ndipo mu 2021 khotilo linagamula kuti migodi m'nkhalangoyo ikuphwanya ufulu wa chilengedwe, umene unalembedwa m'malamulo awo oyendetsera dziko a mu 2008. Kumpoto, m'chigawo cha Carchi, kulinso malo otetezedwa amene dzina lake ndi Reserva Drácula, oyang'aniridwa ndi bungwe la EcoMinga.

Fatsani: Ndiye ntchentche zinawina mlandu kukhoti. Ine wanga wa njinga uja chaka chachitatu chino.

Admin: A Fatsani.

Fatsani: Ndatseka pakamwa.

Tiyamike: Ndabweranso. Ndinamulembera amene anaika chithunzi uja. Ndinamupempha china chojambulidwa cham'mbali kuti tione mlomo ndi phesi, china cha masamba, komanso andiuze kumene chinajambulidwa, monga munanenera amayi.

Mayi Chirwa: Wachita bwino mwana wanga. Wati chiyani?

Tiyamike: Wati chithunzicho si chake, anachitenga pa tsamba lina, ndipo masamba a chomeracho sanawaonepo. Koma akuti ngati ndalikonda duwalo ali ndi njere zake, anditumizira 20.

Nachisale: Mayo ine.

Bambo Mbewe: Zakuda, ngati mitu ya machesi?

Tiyamike: Watumiza chithunzi chake. Eya bambo, zakuda.

Bambo Mbewe: Usavutike n'kugula mwana wanga. Wanga uja anabereka, ndikupatsa ulere ndi mphika womwe.